Kafadala ndi Chikopa cha Timalungo

Padangokhala, kale chiswe chisanayambe kudya nsichi za nyumba za anthu, panali chulu chachikulu chomwe mwini wake anali Manthu, mayi wa chiswe chonse. Manthu sankayenda. Ankagona m'chipinda chapakati n'kumabala ana, ndipo milandu yonse ankaigamula ali chigonere. Mwana wake wamkulu, Kazembe Chimbano, ndiye anali mkulu wa agang'a, asilikali a mitu ikuluikulu olondera makomo. Agang'a alibe maso. Mlendo amamudziwa ndi fungo, ndipo akamva fungo la mdani amagogoda mitu yawo pansi mpaka chulu chonse chidziwe kuti kwagwa nkhondo.

M'chulumo munali mkamwini mmodzi yemwe sanali wa mtundu wa chiswe, dzina lake Kafadala. Anali wa chigoba cholimba, wopanda mbano zolumira, wopandanso liwiro. Luso lake linali limodzi lokha: wina akangomukhudza, ankagwa chagada, miyendo n'kuuma gwa, ngati wafa dzana. Anakwatira Nadothi, mlongo wake wa Kazembe, ndipo alamu akewo sankamuwerengera. Ankati mlongo wawo anakwatiwa ndi maliro.

Chaka chilichonse, mvula ikagwa, m'chulu munkabuka malungo. Nthendayo inkayambira m'nkhokwe, momwe chiswe chinkasunga chakudya. Nkhokwe inkangophulika tizilombo tosawerengeka totchedwa timalungo, n'kumwazikira m'zipinda za ana. Agang'a ankamenya nkhondo, chulu chinkatentha n'kumanjenjemera, koma pofika poti atigonjetse, ana ambiri anali atagona osadzukanso. Chomwe chinkazunguza aliyense n'chakuti timalungoto tinkalowera kuti, popeza panalibe mlonda ndi mmodzi yemwe amene anatimvapo tikudutsa pakhomo.

Kafadala ndi Nadothi anali ataika kale ana awiri. Wachitatu anamutcha Tsalani, kumuchonderera ndi dzina lomwelo kuti asatsate abale ake.

Tsiku lina, dzinja lili pafupi kutha, Kafadala anazemba ntchito yosenza dothi n'kukwera pamwamba pa chulu, pomwe panali kabowo kolowera mpweya. Kabowoko kanali kakang'ono kwambiri moti Kazembe sanaonepo chifukwa choikapo mlonda. Dzuwa litapendeka, Kafadala anamva kulira kwa ng'wii, ndipo asanathawe, Udzudzu anatera pambali pake. Iye anagwa chagada. Udzudzu anamugunyuza ndi mwendo, anati ndi mtembo, n'kupitiriza zake. Analowetsa mlomo wake wautali m'kabowo kaja n'kuyamba kulavula tinthu tating'ono, toonda ngati ulusi, toterera.

"Tsikani, mwandiyabwa pakhosi mokwanira," anatero Udzudzu. "Zikopa zanuzo musavule mpaka mutalowa m'nkhokwe. Fungo lake alonda salidziwa. Mukafika mufundule, mukhale chete, muswane. Mudzatuluke mutachuluka."

Udzudzu atauluka, Kafadala anatsika msangamsanga, analowera pakhomo lalikulu, n'kukatipeza tinthu tija m'njira yopita kunkhokwe. Panjirapo panali gulu la agang'a, Kazembe ali pakati pawo akusimba za nkhondo yake ndi linthumbu. Timalungo tinadutsa pansi pa miyendo yawo. Kamodzi kanachita kukhula mwendo wa Kazembe, iye n'kungodzikanda, nkhani ikupitirira. Kafadala anafuna kukuwa, koma asanatsegule pakamwa, tonse tinali titazimirira m'nkhokwe.

M'ming'alu ya pakhomo pa nkhokweyo anapeza zikopa zomwe tinafundula, zikadali zonyowa. Atafukula pansi pake anapeza zina zouma, pansi pa izo zinanso, zosanjikizana chaka ndi chaka. Anadziwa kuti pakati pa muluwo panali zikopa za timalungo tomwe tinadya ana ake awiri.

Kenaka anatola chikopa chimodzi n'kupita nacho kwa Kazembe. Anafotokoza zonse atanjuta, monga achitira mkamwini. Kazembe anachinunkhiza uku ndi uku n'kuchiponya pansi.

"Alamu, ichi sichikununkha kanthu. Mdani wopanda fungo ndi wa kumaloto."

"N'chifukwa chake amakudutsani, alamu."

"Mumagona chagada kwambiri inu. Nzeru zinakhuthukira kumsana."

Agang'a anaseka. Kazembe anamukumbutsanso lamulo la m'chulu, lakuti wobweretsa chinthu cha mdani m'kati alibe moyo, n'kumuuza kuti chifukwa cha mlongo wake, nkhaniyi aitenga ngati sanaimve.

Sipanapite nthawi, nkhokwe inaphulika monga mwa masiku onse. Tsalani anatentha thupi, anakomoka, maso anatembenuka. Nadothi anamufungatira osadya kanthu mpaka mwanayo anatsitsimuka, ali wofooka ngati udzu wa pansi pa mtsuko. Ana a m'chipinda choyandikana nacho sanatsale ndi mmodzi yemwe. Akazi akusenza timitembo kupita nato panja, Kafadala anaima pambali n'kumayang'ana. Anadziwa kuti chaka chamawa Tsalani sadzapirira kachiwiri.

Chilimwe chitalowa, anatuta zikopa zonse zija n'kukazibisa kudzala, kunja kwa chulu. Kumeneko anazilumikiza n'kusoka chikopa chimodzi chachikulu chomukwana thupi lonse. Anachivala masana dzuwa likuswa mtengo, n'kulowa pakhomo lalikulu kuti aone ngati wina amuimitse. Palibe anamufunsa. Anadutsa khomo lachiwiri, anadutsa pankhokwe, anafika mpaka pakhomo pa chipinda cha Manthu, pomwe mkamwini saloledwa kupondapo, n'kugwira mphuthu yake. Alonda awiri a pakhomopo ankakambirana za akazi. Kafadala anabwerera. Chulu chonse, ndi asilikali ake onse, chinali chotsegula ngati dengu.

Anaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo anazindikira kuti mphuno siisunga fungo lomwe silinaipweteke. Choncho anathyola tsabola wakupsa, anamusinja, n'kupaka chikopa chonse. Anapekanso nyimbo. Inali nyimbo yaifupi, yoimba m'mphuno ngati kulira kwa Udzudzu kuti mawu ake asadziwike. Inkanena za mlendo woterera amene amadutsa alonda ali maso, n'kukadya ana awo, ndipo inkathera ndi funso lofunsa alondawo ngati akumudziwa mlendoyo.

Ulendo woyamba analowa akuimba. Mlonda wa pakhomo anayetsemula, wachiwiri anayetsemulanso, n'kuyamba kuwombana mitu posadziwa chomwe chawalowa m'mphuno. Kafadala anafika pafupi ndi nkhokwe asanamugwire. Pamenepo mitu inayamba kugogoda, chulu chinatentha ndi piringupiringu wa asilikali, ana anadzuka n'kumalira. Ophika ulimbo, omwe ntchito yawo inali kukola adani, anamuthira ulimbo, koma unangotsetsereka pachikopa choterera chija n'kugwa pansi. Agang'a angapo anamuluma kumsana. Iye anagwa chagada n'kuuma.

Kazembe anafika ali wefuwefu, ananunkhiza mtembowo, ndipo kuseri kwa tsabola anamva kafungo kena kachilendo, kozizirira. Anang'amba kachidutswa ka chikopacho n'kupatsa ophika ulimbo, kuwalamula kuti asapume mpaka atapeza ulimbo womata chinthu chimenecho. Mtembo anati akautaye kudzala.

Pakati pa akazi osenza mtembowo panali Nadothi. Atauponya padzala, chikopa chinafunuka pang'ono, ndipo Nadothi anaona mwendo womwe ankaudziwa bwino. Anauza anzake kuti atsogole, iye atsala aukwirire. Atapita, anavundukula chikopacho n'kupeza mwamuna wake chigoba chitang'aluka, ali gwa. Anamuitana, osayankha. Anamugwedeza, osayankha. Kufa dala kwa mwamuna wake ankakudziwa, koma mabala otero anali asanawaonepo. Anayamba kulira.

"Apita?" anafunsa Kafadala chapansipansi.

Nadothi anadumpha chambuyo n'kugwa. Atadzuka, anamumenya ndi chikopa chomwecho mpaka onse awiri anayamba kuyetsemula. Kafadala anamufotokozera zonse, kuyambira pa Udzudzu.

"Bambo a Tsalani, mukufuna mwanayu akhale wamasiye?"

"Ndikufuna adzandiike ndi iyeyo, amake Tsalani, osati ine kuikanso mwana."

Nadothi anakatunga madzi, anamutsuka mabala, ndipo madzulo ake iye ndiye anasoka pomwe chikopa chinang'ambika.

Kutentha kwa m'chulu kunazirala m'mawa mwake, ana anayambanso kusewera. Agang'a amene analuma chikopa chija ndiwo okha ankakumbukira fungo lake, ndipo anali ochepa. Kafadala anadikira mwezi ufe, wina uoneke, mabala ake apole, n'kuvalanso.

Ulendo wachiwiri anangoimba mzere woyamba, mlonda wina wa pakhomo lachiwiri n'kukuwa kuti chija chabweranso. Anali mmodzi mwa omwe analuma poyamba, ndipo tsopano anali ndi gulu lake lomwe analiphunzitsa. Mitu inagogoda msanga kuposa kale. Ulimbo watsopano unatsetsereka kumsana, koma unagwira mwendo umodzi n'kuumatirira pansi. Kafadala anakoka, anakokanso, mpaka mwendo unathothoka n'kutsala pomwepo. Anagwa chagada, ululu ukumupyoza, koma sanagwedeze ngakhale kanyanga.

Kazembe anaima pamwamba pake, ali wodabwa. Anati chinthu chomwe anachitaya kudzala chauka bwanji, ndipo analamula kuti ulendo uno achikhadzule zidutswazidutswa kuti chisadzukenso. Kafadala anamva mbano zikutseguka pamwamba pa mimba yake. Apo Nadothi anapanikiza pakati pa asilikali, akukhosomola mwadala.

"Achimwene, mukachikhadzulira muno tsabolayu atsamwitsa ana onse. Tamvani momwe akulirira. Tipatseni tikachiphwanyire panja."

Kazembe anamvetsera, ndipo anamvadi ana akulira. Analola. Tsiku limenelo Nadothi anasenza mwamuna wake yekha, osalola mkazi wina kumuthandiza. Kudzala anamuuza kuti zakwana. Kafadala anayankha kuti ulimbo womwe umagwira mwendo umodzi sungagwire kamalungo, komwe kalibe ndi mwendo womwe. Kwa anansi anati mwendo wake unaphwanyika ndi mwala, ndipo popeza palibe ankamusamala, palibenso anafunsa kawiri.

Ulendo wachitatu, mitambo itayamba kusonkhana kumwamba, Kafadala anafika pakhomo lalikulu akutsimphina. Anatsegula pakamwa kuti aimbe, koma asanamalize mawu oyamba, alonda onse a pakhomo anamulanda nyimboyo n'kuimaliza okha, ndipo pa funso la kumapeto lija anayankha ndi mitu, kugogoda pansi nthawi imodzi. Ulimbo unamugwera kuchokera mbali zonse. Uwu sunatsetsereke. Unamata chikopa chija ngati unaphikidwira icho chokha, n'kumumangirira pamalo amodzi ataimirira, moti analephera ngakhale kugwa chagada.

Kazembe anagwira chikopacho ndi mbano n'kuching'amba kuyambira kumutu mpaka kumapazi. M'katimo munatuluka fungo lomwe aliyense ankalidziwa.

Kugogoda kunaleka. Mlonda wina anabwerera m'mbuyo n'kuponda mnzake. Kazembe ananunkhiza, ananunkhizanso, ngati mphuno yake yamunamiza.

"Alamu?"

"Ndine, alamu. Ulimbowu ndiye wakhoza."

Mlandu unapita kwa Manthu. Alonda anamukhazika Kafadala kuseri kwa khoma, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Chulu chonse chinasonkhana, ndipo akazi anali olusa kuposa amuna. Ankati katatu konse ana awo anatentha thupi n'kulira chifukwa cha mkamwini wamisala, ndipo mwina ndi iye yemwe ankabweretsa malungo zaka zonsezi. Kafadala anafotokoza za kabowo ndi Udzudzu, n'kuwafunsa kuti pa maulendo atatuwo ndi mwana uti amene anamwalira. Palibe anatchula dzina, komabe mkwiyo sunathe. Manthu anati iye sanamuonepo Udzudzu, koma chikopa cha mdani chili pamaso pa onse, ndipo lamulo ndi lamulo. Kazembe anati mutu wa mlamu wake adula yekha.

"Amayi, ndilibe mawu pa chigamulo chanu," anatero Kafadala kuseri kwa khoma. "Koma mudzadziwa bwanji kuti ndafa? Mwandipha kale kawiri."

Anthu anayang'anizana. Inali nkhani yoona, ndipo khosi la Kafadala linali lobisika m'chigoba moti mbano sizikanalipeza. Manthu anagamula kuti amumatire m'khoma wamoyo, monga chiswe chimachitira ndi chinthu chomwe chalephera kuchitulutsa, ndipo alonda amudikirire mpaka atasiya kupuma. Nadothi atamva zimenezo anakomoka.

Kafadala anapempha chinthu chimodzi. Anati amumatire pamwamba penipeni pa chulu, pomwe dothi limauma msanga ndi dzuwa, kuti asazunzike nthawi yaitali, ndiponso kuti Tsalani asamve bambo ake akubuula. Manthu anavomera. Anamumata pafupi ndi kabowo kaja, n'kusiya kampata kakang'ono kakuti alonda azimvera ngati akadali moyo. Kazembe anaikapo agang'a odziwa fungo lija, ndi miphika yawo ya ulimbo, kuopa kuti wandendeyo angachite matsenga ena.

Koma Kafadala anali ataiwerenga kale mitambo. Tsiku lomwelo kunagwa chizimalupsa, ndipo mvula ina inatsatira. Dothi silinaume. M'mawa uliwonse alonda akaganiza kuti watha, m'khoma munkatuluka kanyimbo ka m'mphuno kaja, kofooka koma kosaleka, ndipo iwo ankakhalanso pansi n'kumadikira. Njala inamupweteka, dothi linamufinya pachifuwa, koma ankadziwa kuti akangosiya kuimba, alonda achoka pakabowo. Madzi anadikha m'zithaphwi, ndipo ana a Udzudzu anaswa.

Tsiku lina chakumadzulo, Kafadala anamva kulira kwa ng'wii pamwamba pake. Anasonkhanitsa mpweya wonse womwe unamutsalira n'kuyamba nyimbo. Mlonda wina anatukula mutu, n'kunena kuti wandende wathawa, chifukwa fungo lija likuyenda pansi. Mnzake anagwira khoma n'kuyankha kuti sanathawe, akuimba momwemo. Wachitatu anati fungo lili kumbuyo kwake. Wachinayi anati lamukwera pamwendo.

Kenaka mitu inagunda pansi, ndipo ulimbo unakhuthuka. Timalungo tomwe tinkagwa kuchokera pakabowo tinkatera mu ulimbo n'kumatirira pomwepo, tikuphiriphitha. Agang'a a m'makomo ena, atamva kugogoda, anatseka njira ya kunkhokwe, ndipo tomwe tinapulumuka pamwamba tinakakodwa kumeneko.

Kazembe anafika n'kunyamula kamodzi ndi mbano zake. Kanali kamoyo, kozizira, kakudzipotokola. Kanalira ndi mawu aang'ono kuti chiyambire makolo awo, palibe anawagwirapo polowa, ndipo kanafunsa kuti wawaulula ndani. Kazembe anakaphwanya. Anaima chiimire, akukumbukira tsiku lomwe anadzikanda mwendo pakati pa nkhani ya linthumbu. Kenaka anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukumba ndi mbano zake zomwe, osalola wina kumuthandiza, mpaka Kafadala anagwera m'manja mwake, wopepuka ngati gaga.

Si tonse tinagwidwa. Tiwiri kapena titatu tinazemba n'kulowa m'nkhokwe, ndipo malungo anabuka ndithu chaka chimenecho. Koma anali ochepa mphamvu. Ana anadwala owerengeka, ambiri mwa iwo anachira, ndipo Tsalani sanadwale n'komwe. Akazi omwe ankafuna kuti Kafadala aphedwe anayamba kumusiyira chakudya pakhomo. Iye atachira anakakambirana ndi Kangaude kuti aluke ukonde pakabowo kaja, poti ulimbo wokha sungakwanitse zonse.

Chaka chinatha, china chinalowa. Agang'a akale anakalamba, ena anafa. Anyamata omwe anatenga malo awo nyimbo ankaidziwa, ankachita kuvinira pamaukwati, koma fungo anali asanalimvepo. Miphika ya ulimbo inayamba kuuma. Kafadala anaponya kachidutswa ka chikopa panjira kuti aone, ndipo alonda atatu anakapondaponda osaima. Anakauza Kazembe, ndipo ulendo uno Kazembe sanaseke.

Anabwera yekha kunyumba kwa Kafadala n'kukhala pansi ngati mlendo wamba. Nadothi anayamba ndiye kulankhula: mwamuna wake chigoba n'chong'aluka, mwendo palibe, savalanso chinthu chija ngakhale Manthu atalamula.

"Sindinabwerere zimenezo, mlongo wanga," anatero Kazembe. "Ndivala ine. Ndatsanzika kale kwa Amayi. Alamu, mundiphunzitse kufa."

Kafadala anamuyesa pomwepo. Anamukhudza kumsana, ndipo Kazembe, m'malo mogwa, anatembenuka n'kutsegula mbano. Anamuyesanso, n'kuchita chimodzimodzi. Kafadala anaona kuti munthu ameneyu akalowa m'chikopa, anyamata ake akamuluma adzabwezera, ndipo adzamupha zenizeni. Anaonanso kuti kumuletsa n'kutaya mawu.

Choncho anamutengera kuchipinda china chosiyidwa, kuseri kwa chulu. Anamuuza kuti agone chagada, miyendo m'mwamba, ndipo asagwedezeke ngakhale amve chotani, mpaka iye atabwera ndi chikopa. Akangosuntha pang'ono, maphunziro ayambiranso poyamba. Kazembe, yemwe chibadwire anali asanagonepo chagada, anadzigwetsa movutikira n'kuumitsa miyendo.

Kafadala anathamangira kudzala ndi miyendo yake yotsalayo. Iye ndi Nadothi anadzaza chikopa chija ndi mankhusu, anachipaka tsabola, anasoka pakamwa pake, n'kuchikunkhuniza kuchokera pamtunda kuti chilowe pakhomo lalikulu chokha. Kafadala anabisala pambali n'kuimba m'mphuno.

Anyamata anayetsemula, anasokonezeka pang'ono, koma nkhalamba zochepa zotsala zinakuwa kuti ndi chomwecho, ndipo gulu lonse linachigwera. Kugogoda kutafika kuchipinda chapakati, Manthu anakuwa kuti aleke, m'chikopamo muli mwana wake. Uthenga unayenda pakamwa ndi pakamwa, koma pomwe unkafika pakhomo, chinthucho chinali chitakhadzulidwa kale, mnyamata aliyense ali ndi chidutswa chake kukamwa.

Mmodzimmodzi analavula zidutswazo. Mnyamata yemwe analuma choyamba anagwa pansi n'kumadzigubuduza. Kulira kunabuka pakhomo, kunalowa m'njira zonse, kunafika kwa ana. Manthu, amene sanasunthepo chiikireni chulu, anayesa kudzuka, ndipo antchito ake anachita kumugwira. Nkhalamba ina inayamba kutola zidutswa kuti mwina apeze mutu wa mkulu wawo akauike mwaulemu. Inapeza mankhusu. Inafufuzanso, n'kupeza mankhusu okhaokha. Kulira kunasanduka mantha, ena n'kumati Kazembe wasanduka gaga ndi matsenga a chikopa.

Apo Kafadala anatulukira akutsimphina, atagwira Tsalani padzanja, n'kuwauza kuti amutsate. Khamu lonse linamutsata mpaka kuchipinda chosiyidwa chija. M'menemo munali Kazembe Chimbano, mkulu wa agang'a onse, ali chagada, miyendo ili m'mwamba, ali gwa. Anali atamva kugogoda, anali atamva maliro ake omwe, akazi akumutchula dzina, koma sanasunthe. Anthu anaima pakhomo, osadziwa ngati alire kapena aleke.

Tsalani anasendera n'kuwagwira mwendo. "Atsibweni, dzukani."

Kazembe sanagwedezeke. Anangotsegula pang'ono mbali imodzi ya pakamwa.

"Alamu, ndakhoza? Bweretsanitu chikopacho tsopano."

Atamudzutsa n'kumuuza kuti nkhondo yatha kale iye ali chigonere, Kazembe anafunsa ngati anyamata anachigwira pakhomo kapena m'kati. Atamva kuti pakhomo pomwe, anapempha madzi akumwa.

Kuyambira tsiku limenelo Manthu analamula kuti chikopa cha timalungo chizilowetsedwa m'chulu pa nthawi yake, katatu poyamba, kenaka kamodzinso alonda asanaiwale, koma chizikhala chopanda munthu m'kati. Anthu nawonso anatengera nzeru yomweyo. Katemera wa malungo yemwe namwino amabaya mwana ndi chikopa chabe, mulibe kachilombo kamoyo. Mwanayo akatentha thupi pang'ono tsiku limenelo, ndiye kuti alonda a m'magazi mwake akugogoda mitu ndi kuphika ulimbo.

Yanga yathera pamenepa. Amene ali ndi ina yoposa iyi, ayambe tisanabalalike.